Masewero a Region 5 ku Lilongwe ndi zimene mndandanda wa mendulo unatiuza

Kuyambira pa 2 mpaka pa 11 Disembala 2022, mzinda wa Lilongwe unalandira achinyamata a m'mayiko a kummwera kwa Africa omwe anabwera kudzapikisana pa masewero a Chigawo Chachisanu a bungwe loona zamasewero la African Union, omwe ambiri timangowatchula kuti Region 5. Aka kanali koyamba kuti dziko la Malawi lichititse masewerowa, ndipo anali achikhumi chiyambireni ku Mozambique mu 2004. Ndikulemba za masewerowa lero chifukwa ndikuona kuti tinawakambirana kwambiri asanayambe, tinawachemerera ali mkati, koma atatha sitinakhale pansi n'kuwerenga zotsatira zake mofatsa. Zotsatirazo zili ndi phunziro lomveka bwino pa momwe timagawira ndalama, nthawi ndi chikondi chathu pakati pa masewero osiyanasiyana.

Chigawo Chachisanu chili ndi mayiko khumi: Angola, Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo likulu lake lili ku Gaborone. Kale masewerowa ankatchedwa a Zone VI, ndipo amachitika zaka ziwiri zilizonse, dziko lililonse likulandira anzake pa nthawi yake. A ku Maseru m'dziko la Lesotho, omwe anayenera kuchitika mu 2020, anasunthidwira ku Disembala 2021 chifukwa cha mliri wa Covid-19, choncho osewera athu anangokhala ndi chaka chimodzi chokha pakati pa Maseru ndi Lilongwe. Opikisana amakhala osapitirira zaka 20, ndipo m'masewero ena malire a zaka amakhala otsikirapo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa ikutanthauza kuti amene timawaona pabwalo ndi ana asukulu kapena amene angomaliza kumene sukulu, ndipo chimene chikuyesedwa ndi momwe dziko lawalerera.

Sitingaiwale nyengo imene tinalandirira alendowa. Mu Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndalama zakunja zinkasowa, ndipo ife okhala mu Lilongwe tinkadziwa bwino mizere italiitali ya galimoto pa malo omwetsera mafuta. Matenda a kolera, omwe anayamba kumayambiriro kwa chakacho, anali akufalikira m'maboma ambiri. Pamwamba pa zonsezi, masiku omwewo ku Qatar kunali mpikisano wa chikho cha dziko lonse, ndipo pa 10 Disembala, tsiku limodzi masewero athu asanatsekedwe, Morocco inagonjetsa Portugal n'kukhala dziko loyamba la mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi. Maso a anthu ambiri anali pa kanema, ndipo sindingawadzudzule. Poganizira zonsezi, kungoti masewerowo anatsegulidwa pa bwalo la Bingu, anachitika, n'kutsekedwa pa tsiku lake, ndi chinthu chimene amene anagwira ntchitoyo, makamaka achinyamata ongodzipereka omwe ankalondolera alendo ndi kukonza mabwalo, ayenera kuyamikiridwa nacho.

Pa mpira wamiyendo zotsatira zake ambiri tikuzikumbukira, popeza ndiwo unkadzaza anthu. Mpikisano wa anyamata unali wa osapitirira zaka 17 wa bungwe la COSAFA, ndipo unalinso njira yopitira ku mpikisano wa mu Africa womwe unachitikira ku Algeria mu 2023. Anyamata athu anafika m'ndime ya matimu anayi n'kumaliza pa nambala yachitatu, pomwe Zambia inatenga chikho itagonjetsa South Africa m'ndime yomaliza, ndipo matimu awiriwo ndiwo anapita ku Algeria. Zinali zowawa kutsala pakhomo penipeni pamaso pa ochemerera athu, makamaka kwa amene tikukumbukira kuti mu 2009 timu ya msinkhu womwewu inasewera nawo mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria. Komabe nambala yachitatu inali chipatso chenicheni, ndipo anawo anaikhetsera thukuta.

Koma apa ndi pomwe nkhani yanga yagona. Anyamata onse aja, aphunzitsi awo, masabata a kukampu, zakudya, mayunifomu ndi mayendedwe, zonsezo pa mndandanda wa mendulo zinalembedwa ngati mendulo imodzi yokha ya bulonzi. Umu ndi momwe mipikisano ya masewero ambiri imawerengera. Timu ya mpira wamiyendo, ya mpira wamanja, ya basketball kapena ya volleyball, ngakhale itapambana masewero ake onse, imabweretsa mendulo imodzi. Pomwe mtsikana mmodzi wodziwa kusambira angathe kulowa m'madzi kangapo m'sabata imodzi, pa mitunda yosiyana ndi masambiridwe osiyana, n'kutuluka ndi mendulo zinayi kapena zisanu payekha, osawerengera za mpikisano wopatsirana wa anthu anayi. Kuti muone kukula kwa kusiyanaku, tengani chitsanzo cha masewero a Olympics a ku Paris mu 2024: kusambira m'dziwe kunali ndi mipikisano 35, kuthamanga, kudumpha ndi kuponya kunali ndi mipikisano 48, pomwe mpira wamiyendo unali ndi iwiri yokha, wa amuna ndi wa akazi. Mpira wamanja, womwe ndi ulemerero wathu, suli n'komwe pa Olympics. Pa Region 5 chiwerengero chimasiyanako, koma kagawidwe kake ndi komweko.

Choncho pamene South Africa inatsogola pa mndandanda wa mendulo ku Lilongwe, sichinali chifukwa chakuti ana a kumeneko amabadwa ndi mphamvu zoposa ana athu. Dzikolo limatumiza osewera okonzeka m'masewero amene muli mendulo zambiri, ndipo osewerawo amachokera m'sukulu ndi m'makalabu momwe muli maiwe osambiramo, mabwalo othamangirapo ndi aphunzitsi olipidwa. Dziwaninso kuti mndandandawo umayamba kuwerenga golide, kenako siliva, n'kumalizira bulonzi, kotero kuti dziko lokhala ndi golide mmodzi limakhala pamwamba pa dziko lokhala ndi mabulonzi khumi opanda golide. Ife Amalawi mtima wathu wonse uli pa masewero awiri, mpira wamiyendo ndi mpira wamanja, ndipo makampani nawonso akafuna kuthandiza amathamangira komweko chifukwa ndi komwe kuli anthu. Palibe cholakwika kukonda mpira. Cholakwika n'kuyembekezera kukwera pa mndandanda wa mendulo tikuthirira masewero awiri okha amene sangatipatse mendulo zoposa zala za dzanja limodzi.

Nkhani ya kusambira imandikhudza mwapadera. Dziko lathu lili ndi nyanja yaikulu, lili ndi Chilwa, Malombe, Chiuta ndi mtsinje wa Shire, ndipo ana a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi amadziwa madzi asanadziwe kulemba dzina lawo. Koma kusambira kwa mpikisano ndi luso lina: kumafuna kudziwa kudumphira m'madzi poyamba, kutembenuka pakhoma, kupuma mwa dongosolo ndi kusunga malamulo a masambiridwe anayi, ndipo zonsezi zimaphunziridwa m'dziwe loyezedwa bwino, mphunzitsi ataima pambali ndi wotchi. Kwa zaka zambiri maiwe otere m'dziko muno akhala ali m'sukulu zolipira ndalama zambiri, m'mahotela ndi m'makalabu a anthu ochepa. Zotsatira zake n'zakuti osambira oimira dziko amachokera m'kagulu kakang'ono ka mabanja, pomwe mwana wa msodzi, amene mwina ali ndi mapapo ndi mapewa oposa onsewo, sanaonepo dziwe lokhala ndi mizere. Sindikunyoza ana amene amatiimira panopa, pakuti amadzuka m'mamawa ndi kulimbikira, ndipo makolo awo amalipira zambiri kuchokera m'thumba mwawo. Ndikungonena kuti dziko la anthu oposa 17.5 miliyoni, monga anapezera kalembera wa 2018, silingamasankhe osambira ake pakati pa ana mazana ochepa okha. Zimbabwe, yomwe ilibe nyanja yamchere monga ifenso, inatulutsa Kirsty Coventry, amene anapata mendulo zisanu ndi ziwiri za Olympics ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olympics pa dziko lonse.

N'chifukwa chake dziwe la mamita 50 limene linamangidwa pa Kamuzu Institute for Sports pokonzekera masewerowa ndimaliona ngati chinthu chamtengo wapatali kwambiri chimene Region 5 inatisiyira. Chimodzimodzinso nyumba ya masewero ya Griffin Saenda, yomwe inapatsidwa dzina la malemu mphunzitsi wa timu ya Queens. Zinali zomvetsa chisoni kwa zaka zambiri kuti timu imene inamaliza pa nambala yachisanu pa dziko lonse ku Auckland mu 2007, imenenso inagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018, inalibe bwalo lakelake la m'nyumba, ndipo atsikana ambiri anakulira pa mabwalo a simenti ndi a fumbi omwe amawononga mawondo. N'zoona kuti nyumba ziwirizi zinali zisanathe kumangidwa bwinobwino pamene alendo ankafika, ndipo manyuzipepala analemba zambiri za kuchedwa kwa ntchito ndi kukwera kwa mtengo wake. Mafunso amenewo ndi oyenera, popeza ndalamazo ndi za misonkho yathu. Koma funso limene ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi lakuti ndani akulowa m'nyumbazi Lachiwiri masana, pamene palibe mpikisano, palibe nduna, palibe atolankhani.

Aliyense wodutsa pafupi ndi bwalo la Bingu amadziwa kuti Mtandire ali pomwepo. Madzulo aliwonse ana a kumeneko, monganso a ku Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Kawale, amathamangitsa mpira wachikulunga pa malo aliwonse opanda nyumba, ambiri opanda nsapato. Bwalo limene anawa amaliona tsiku ndi tsiku, lomwe linatsegulidwa mu 2017, lili ndi njira yothamangiramo ya mlingo wa mipikisano ya mayiko. Ngati mwana wa ku Mtandire atamaliza pulayimale asanapondepo panjira imeneyo, ndiye kuti bwalolo lili mu Lilongwe koma silili la ana a Lilongwe. Sizifuna ndalama zochuluka kuti sukulu za boma zozungulira zipatsidwe masana amodzi pa sabata, mphunzitsi wa zothamanga akhalepo, ndipo nthawi za ana zilembedwe m'buku. Chimene chikufunika ndi munthu waudindo kuchiika pa ndondomeko ndi kuchisunga ngakhale pamene bwalolo likufunidwa ndi misonkhano yobweretsa ndalama.

Umboni wakuti luso lilipo tili nawo. Catherine Chikwakwa anapata siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004. Asimenye Simwaka, amene anthu anayamba kumudziwa ngati wosewera mpira wamiyendo, anafika m'ndime yomaliza ya mamita 400 pa masewero a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, miyezi yochepa Region 5 isanayambe, ndipo waimira dziko pa Olympics. Nkhani yake imandisangalatsa komanso imandidetsa nkhawa, chifukwa imasonyeza kuti munthu waliwiro lotere angathe kukula m'dziko muno mpaka kufika msinkhu wa munthu wamkulu pabwalo la mpira, dongosolo la zothamanga lisanamugwire ali wamng'ono. Ndi angati ena onga iye amene akupalasa kabaza kapena kusenza katundu mumsika wa Lizulu, amene sanayesedwepo ndi wotchi? Tili ndi malo okwera monga Dedza, Viphya, Nyika ndi Mulanje, komwe mpweya wake umalimbitsa othamanga mitunda italiitali, ndipo amene anaonapo mpikisano wa onyamula katundu pa phiri la Mulanje amadziwa kupirira kumene kuli mwa anthu athu.

Anzathu oyandikana nawo atisonyeza kuti kuchepa kwa chuma kapena kwa anthu si mapeto a nkhani. Botswana, yomwe anthu ake sakwana ngakhale 3 miliyoni, inapata golide wa mamita 200 ku Paris kudzera mwa Letsile Tebogo. Zambia, yomwe timafanana nayo zambiri mpaka chilankhulo, ili ndi Muzala Samukonga, amene anatenga golide wa mamita 400 ku Birmingham mu 2022 ndi bulonzi ku Paris mu 2024. Awa ndi mayiko amene timakumana nawo pa Region 5 pomwepa. Ife tinayamba kupita ku Olympics mu 1972 ndipo mpaka lero sitinapateko mendulo.

Pali gulu lina la masewero limene ndikuona kuti tikulinyalanyaza pomwe ndi limene lingatikweze msanga, ndilo la nkhonya, judo ndi taekwondo. Masewerowa amagawidwa potengera kulemera kwa thupi, choncho muli mendulo zambiri, anyamata paokha ndi atsikana paokha, ndipo kawirikawiri pa gulu lililonse pamaperekedwa mabulonzi awiri. Safuna dziwe kapena bwalo lalikulu. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi, mphasa zogwerapo, magolovesi ndi mphunzitsi wodziwa ntchito n'zokwanira kuyambira. Mbiri yathu ikuchitira umboni: mendulo zitatu zokha zimene dziko lino lapata pa masewero a Commonwealth zonse ndi za nkhonya, ya Tatu Chionga mu 1970 ndi za Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986, zonse ku Edinburgh. Papita zaka zambiri chichokereni nthawi imeneyo, ndipo mabungwe a masewerowa amakhalira kupempha ndalama zoyendera nthawi iliyonse mpikisano ukayandikira. Ndiyeneranso kutchula mpikisano wothamanga wa achinyamata osaona bwino, womwe ndi gawo la Region 5 ndipo mendulo zake zimawerengedwa mofanana ndi zina zonse. Tili ndi sukulu ndi malo ophunzitsira ana otere m'zigawo zonse zitatu, ndipo kuwapatsa aphunzitsi ndi owaperekeza pothamanga ndi chilungamo kwa anawo komanso nzeru kwa dziko.

Gwero la zonsezi ndi sukulu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo wosewera wa zaka 17 amene tikufuna kuti apambane pa Region 5 amayenera kuti anayamba kuphunzitsidwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi. M'sukulu zathu za pulayimale maphunziro olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo, magule ndi zojambula m'phunziro limodzi, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana oposa zana m'kalasi, amenenso akuyesedwa ndi zotsatira za mayeso a Sitandade 8, sangaimbidwe mlandu akasandutsa nthawi imeneyo kukhala ya masamu. Mabwalo ambiri a sukulu za m'tauni adyedwa ndi nyumba, misewu ndi minda. Bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA lilipo, ndipo khonsolo ya zamasewero m'dziko muno inayambitsa masewero a achinyamata a Malawi Youth Games kuti luso lizipezeka kuyambira m'maboma. Maganizo amenewa ndi olondola, ndipo ndi amene anathandiza kupeza ena mwa ana amene anavala mbendera yathu. Chofunika n'chakuti azichitika chaka ndi chaka, pa nthawi yodziwika, ndalama zake zili m'bajeti, kaya tikulandira alendo kaya ayi. Chizolowezi chathu chosonkhanitsa ana kukampu kwa masabata ochepa mpikisano utayandikira sichingalowe m'malo mwa zaka za maphunziro. Kampu imanola luso limene lilipo kale, koma singalenge luso m'mwezi umodzi.

Ena amati dziko losauka ngati lathu, lomwe zipatala zake zimasowa mankhwala, lisamataye ndalama pa masewero. Mawu amenewa sindiwapeputsa, makamaka pokumbukira kuti miyezi itatu yokha masewerowa atatha namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, ndipo boma linafunika ndalama iliyonse imene likanapeza. Koma theka la anthu a m'dziko muno ndi ana osakwana zaka 18, ndipo masewero ndi imodzi mwa njira zochepa zimene zimasunga mwana pasukulu, kumupatsa mwambo ndi kumutsegulira khomo la ntchito. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015 ndipo wasewera kwa zaka zambiri ku Australia. Tabitha Chawinga anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya ku Italy, mng'ono wake Temwa anachita chimodzimodzi ku America mu 2024, ndipo timu ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Atsikana amenewa anachokera m'midzi ndi m'sukulu wamba za m'dziko muno. Ndalama zomangira zinatuluka kale, ndipo kutayika kwenikweni kungakhale kusiya nyumbazo zikuwonongeka.

Dziwe losambiramo ndilo lovuta kwambiri kulisamala. Limafuna magetsi osadukiza oyendetsa makina osefa madzi, mankhwala ophera tizilombo, anthu odziwa kuyeza madziwo tsiku ndi tsiku ndi opulumutsa anthu pangozi. Likangosiyidwa kwa masabata ochepa madzi amabiriwira, ndipo kulikonzanso kumadya ndalama zoposa zimene zikanalisamala. Choncho pamafunika ndalama zake zapadera chaka chilichonse, ndi dongosolo lakuti olipira azisambira pa maola ena kuti ana a sukulu za boma azisambira mwaulere pa maola ena. Ndingakonde kuonanso ana ochepa osankhidwa m'maboma a m'mbali mwa nyanja akupatsidwa malo m'sukulu zogonera za mu Lilongwe kuti aziphunzira uku akuphunzitsidwa kusambira, chifukwa popanda njira yotere dziwelo lidzangotumikira mabanja omwe aja amene anali kale ndi kosambira.

Masewero otsatira a Region 5 anachitikira ku Namibia mu Julayi 2025, ndipo ambiri mwa ana amene anatiimira ku Lilongwe anali atapitirira kale msinkhu. Apa pali ntchito imene unduna wa zachinyamata ndi masewero, khonsolo ya zamasewero ndi mabungwe a masewero osiyanasiyana angaigwire popanda kudikira thandizo lakunja. Mayina a ana onse amene anavala yunifomu ya Malawi mu Disembala 2022 alipo m'mabuku, popeza aliyense analembetsedwa ndi kupatsidwa chiphaso cholowera. Atsatidwe mmodzimmodzi kuti zidziwike amene akuseweabe, amene anakwera kufika m'matimu aakulu a dziko, amene anasiya, ndi chimene chinawasiyitsa, kaya ndi fizi, kuvulala, ukwati kapena kusowa kalabu kwawo. Zopezekazo zisindikizidwe pamodzi ndi zotsatira za masewero aliwonse paokha, kuti pogawa ndalama za chaka chamawa aphungu ndi akuluakulu a zamasewero adziwe masewero amene akubweza zimene tikuikamo ndi msinkhu umene tikutayira ana ambiri.